Kufunafuna malire a dera la Kalgoorlie

Lolemba, 28 Epulo 2025, m'sitima yapamtunda ya Prospector

Tanyamuka ku East Perth 7 koloko itangodutsa pang'ono. Mwana wanga anandiperekeza mpaka pakhomo la sitima, atandimangira kamba wa mazira owiritsa ndi mandasi amene anakazinga usiku. Tikiti yake ndi madola pafupifupi 100 kupita kokha. Sindinafune kuwerengera ndalamayi m'makwacha, mtima ukanandiwawa ulendo usanayambe n'komwe.

Ndikupita kukaona mwana wa mlongo wanga amene amakonza makina pamgodi wina ku Kalgoorlie. Koma chimene chandidzutsa kwenikweni ndi mawu amene iye anandiuza pafoni mwezi watha. Anati, "Malume, inu mumakonda nkhani za zisankho. Kuno kunali dera la phungu mmodzi lalikulu kuposa Malawi maulendo 19." Ndinamutsutsa. Nditafufuza ndinapeza kuti mwanayo sananame. Dera la Kalgoorlie, limene linkatumiza phungu ku Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse la Australia kuyambira 1901 mpaka 2010, pomwe linkathetsedwa linali ndi masikweya kilomita pafupifupi 2.3 miliyoni. Linayambira ku Kununurra ndi Broome kumpoto mpaka ku Esperance kunyanja ya kummwera. Phungu wake mmodzi yekha.

Ine ndinali mphunzitsi, ndipo katatu konse ndinagwirapo ntchito pamalo oponyera voti kwathu. Ndikudziwa kulemera kwa bokosi la mavoti ukalisenza pamutu kuchoka pamene galimoto yalephera kukwera. Ndikudziwanso madandaulo athu akuti phungu saoneka kumudzi, chonsecho dera lake munthu utha kulizungulira pa njinga yamoto tsiku limodzi. Ndiye ndafuna ndione ndi maso anga dera limene phungu sangalizungulire ngakhale atapatsidwa mwezi wathunthu.

Titadutsa Northam mitengo inayamba kuchepa, minda ya tirigu n'kuyala mbali zonse, yokololedwa kale, yambuu. Mayi wina wachikulire amene anakhala pambali panga anandigwira mkono n'kundilozera paipi yaikulu imene imaonekera n'kubisala m'mbali mwa njira. Anati madzi onse amene ndikamwe ku Kalgoorlie akudutsa m'menemo. Paipiyi imachokera ku damu la Mundaring, kufupi ndi Perth, n'kuyenda makilomita oposa 500. Anaimaliza mu 1903. Injiniya amene anaiganiza, C. Y. O'Connor, sanawaone madziwo akufika. Manyuzipepala anamunyoza kwambiri kuti akusakaza ndalama za boma, ndipo mu Malichi 1902 anadzipha kugombe la nyanja kufupi ndi Fremantle. Mayiwo anafotokoza nkhaniyi motsitsa mawu ngati munthuyo anali mbale wawo. Ndinawapatsa mandasi awiri, iwo anandigulira tiyi.

Kupitirira Southern Cross ndi tchire lokhalokha, dothi lofiira ngati katondo. Ndinagona, n'kudzuka, tchire lomwelo. Tafika cha m'ma 2 koloko masana, msana uli wowawa.

Lachiwiri, 29 Epulo, Kalgoorlie

Mnyamata wanyamuka kukadali mdima, amagwira maola 12. Ndatsala ndekha ndi kiyi wa nyumba ndi jekete yake, chifukwa m'mawa kuno kukuzizira ngati Dedza mu Juni.

Ndayenda wapansi mumsewu wa Hannan. Ndi wotakata mwakuti munthu wa mawondo ngati angawa amapuma kaye asanawoloke. Pakona ya holo ya mzinda pali chiboliboli cha Paddy Hannan atakhala, atagwira thumba la madzi, ndipo pathumbapo pali kampopi kakuti munthu n'kumwa. Ndi iye, pamodzi ndi anzake Tom Flanagan ndi Dan Shea, amene anatola golide pano mu Juni 1893. Ndamwa madziwo, ndikukumbukira mayi a dzulo aja.

Ndinaima nthawi yaitali kutsogolo kwa nyumba yakale ya nyuzipepala ya Kalgoorlie Miner. Mkonzi wake wa masiku amenewo, John Kirwan, ndiye anakhala phungu woyamba wa dera lino mu 1901. Nkhani ya momwe zinafikira pamenepo yandisokoneza mutu tsiku lonse. Ife mawu akuti chitaganya timawamva kuwawa. Makolo athu anamangidwa, ena anafa mu 1959, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Kuno zinali zosemphana. Pamene zigawo za Australia zinkakambirana zopanga chitaganya chawo, akuluakulu a ku Perth ankazengereza. Anthu a kumigodi, ambiri mwa iwo obwera kuchokera ku Victoria ndi zigawo zina za kummawa, ndiwo ankachifuna. Ankaona kuti golide akukumbidwa kuno koma mawu awo ku Perth ndi ochepa. Anasonkhanitsa masiginecha zikwizikwi kupempha Mfumukazi Victoria kuti dera la migodi lipatuke, likhale chigawo pachokha cha dzina loti Auralia, lilowe lokha m'chitaganyacho. Boma la ku Perth la John Forrest linagonja, riferendamu inachitika pa 31 Julaye 1900, ndipo kumigodi kuno anavomera mwaunyinji. Ndiye dera la Kalgoorlie linabadwa chifukwa anthu akutali anakana kuyankhulidwira ndi anthu a mumzinda. Zimenezi ndazimvetsa bwino, sindinafunike wondimasulira.

Nkhomaliro ndadya chitumbuwa cha nyama cha madola 7 nditakhala pabenchi, ndikulimbana ndi ntchentche. Ntchentche za kuno sizifuna chakudya, zimafuna maso ndi milomo. Masana pansi pananjenjemera pang'ono, mawindo a sitolo n'kulira. Ndinadzidzimuka kwambiri. Bambo amene ankasesa pakhonde anandiuza kuti ndisaope, akuphulitsa miyala kudzenje lalikulu la mgodi. Ndinakumbukira bambo anga amene anapita ku Joni ndi Wenela, n'kubwerako ndi sutikesi, bulangete ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda. Madzulo mnyamata atalowa, ndinamuyang'anitsitsa mpaka anandifunsa kuti, "Kwagwanji malume?" Ndinangoti asambe tidye. Nsima tinaphika ndi ufa wa ku South Africa umene amagula kusitolo ina ya amwenye.

Lachitatu, 30 Epulo, Coolgardie

Woyandikana naye nyumba, mkulu wina wopuma pantchito ya njanji, anali ndi ulendo wa ku Coolgardie, makilomita pafupifupi 40, ndipo ananditenga osandilipiritsa. Tauniyi ndiyo inayamba, golide anapezeka mu 1892. Inali ndi dera lakelake la phungu kuyambira 1901, koma golide atachepa anthu anabalalika, ndipo mu 1913 deralo linathetsedwa. Nyumba zikuluzikulu za miyala zilipo, koma mumsewu ndinawerenga anthu asanu ndi galu.

Kumanda ndiko ndinakhalitsa. Kumapeto kwake kuli manda a Asilamu amene ankayendetsa ngamila, amene kuno amangowatcha onse Aafigani. Iwowa ndiwo ankabweretsa ufa, madzi ndi zitsulo njanji isanafike. Lamulo la zisankho la 1902 linaletsa anthu a mitundu ya ku Asia ndi ku Africa kuvota, limodzi ndi eni nthaka a dziko lino. Ankasenza katundu wa dera limene analibe mawu pa phungu wake.

Pobwerera mkulu uja anandidutsitsa ku Boulder n'kundionetsa malo amene mu Januwale 1934 gulu la anthu olusa linawotcha nyumba ndi masitolo a Ataliyana ndi anthu ochokera ku Yugoslavia. Agogo ake aakazi, anatero, anathawira kutchire ndi ana masiku angapo. Sanawonjezere china, inenso sindinafunse.

Lachinayi, 1 Meyi, Menzies ndi Leonora

Mnyamata wapuma masiku anayi, ndiye tanyamuka ndi galimoto yake kulowera kumpoto. Wanyamula zigubu ziwiri za madzi ndi matayala awiri apadera. Nditamufunsa chifukwa chake anati, "Malume, kumene tikupitaku mukaima, mwaima nokha."

Msewu ndi watala wabwino, wowongoka mpaka maso kutopa. Choopsa ndi mathiraki okoka ngolo zitatu kapena zinayi. Ikamabwera kutsogolo galimoto yathu inkagwedezeka ndi mphepo yake, ine n'kugwira mpando ndi manja awiri. M'mbali mwa msewu muli mitembo ya akangaru yogundidwa usiku, pamwamba pake ziwombankhanga zikuluzikulu zosafuna kusuntha.

Menzies ili pa makilomita pafupifupi 130. Ndinapempha kuti tiime chifukwa cha munthu mmodzi, Hugh Mahon, amene ankalemba nyuzipepala yake ya Menzies Miner m'tauni yomweyi m'zaka za m'ma 1890. Anabadwira ku Ireland mu 1857. Ali mnyamata anatsekeredwa m'ndende ya Kilmainham mu 1881 chifukwa cholimbana ndi eni minda amene ankathamangitsa alimi osauka, ndipo chaka chotsatira anabwera ku Australia. Anakhala phungu wa Coolgardie, deralo litatha anasamukira ku Kalgoorlie mu 1913, anakhalaponso nduna kangapo m'maboma a chipani cha Labor.

Mu Okutobala 1920, meya wa mzinda wa Cork, Terence MacSwiney, anafera m'ndende ya Brixton ku London atakana chakudya masiku 74. Pa 7 Novembala Mahon anayankhula pamsonkhano wa anthu ochokera ku Ireland ku Melbourne, n'kutcha ufumu wa Britain kuti ndi wamagazi ndi wotembereredwa. Pasanathe sabata, nduna yaikulu Billy Hughes anabweretsa nkhaniyi m'Nyumba ya Malamulo, ndipo aphungu a boma anavota kuti Mahon achotsedwe chifukwa chophwanya lumbiro lake kwa mfumu. Mpaka lero ndiye phungu yekhayo amene anathamangitsidwapo m'nyumbayo. Chisankho chapadera chinachitika pa 18 Disembala 1920. Mahon anaimanso, koma anagonja kwa George Foley wa chipani cholamula. Panapita zaka zoposa 100 boma lisanalandenso mpando wa otsutsa pachisankho chapadera, mpaka mu 2023 m'dera la Aston. Mu 1987 nyumbayo inadzilanda yokha mphamvu yochotsa phungu.

Ndinakhala pamthunzi wa khonde la hotelo yakale ndikuganiza za nkhaniyi. Anthu a kuno anamusankha Mahon mu 1919. Anthu ena okhala ku Melbourne, kumene Nyumba ya Malamulo inali masiku amenewo, makilomita zikwi zitatu kuchoka pano, anafafaniza chisankhocho usiku umodzi chifukwa cha mawu oyankhulidwa pabwalo. Kenako anthu omwewo amene anamusankha atafunsidwanso, ambiri anagwirizana ndi omuchotsawo. Ife amene tinakula nthawi imene mawu amodzi okha onena za Ngwazi ankatha kumutengera munthu ku Mikuyu, nkhani yotere sitiimva ngati ya kutali. Chimene chinandiwawa n'chakuti ufumu umene Mahon ankaudzudzulawo ndi womwewo umene zaka zisanu m'mbuyo mwake unapha John Chilembwe. Ine ndikanakhala ndi voti tsiku limenelo ndikanamuvotera.

Tafika ku Leonora dzuwa likupendeka, makilomita ena oposa 100. Dizilo wadutsa madola awiri pa lita. Chipinda chimene tapeza ndi cha malata, chogonamo anthu a kumigodi, mabedi awiri opapatiza, madola 160. Ndatopa kwambiri moti ndalemba izi nditagona chagada.

Lachisanu, 2 Meyi, msewu wa ku Laverton

Lero ndaopa, ndisabise.

Tinapatuka pa tala kutsata msewu wafumbi kuti tikaone kumene kuli Mount Margaret. Titayenda mwina theka la ola, tayala lakumbuyo linaphulika. Tinatsika. Kunali zii. Kopanda mbalame, kopanda utsi wa mudzi, kopanda mwana woweta mbuzi woti n'kumufunsa njira. Foni inalibe netiweki. Kwathu galimoto ikafa ngakhale pakati pa Chikangawa, pakangotha kanthawi pamapezeka munthu. Jeke inkamira mumchenga, mnyamata thukuta lili kamukamu, ine ndikungoyang'ana zigubu za madzi zija ndikuwerengera mumtima kuti zingatifikitse tsiku liti.

Patatha pafupifupi ola tinaona fumbi. Inali galimoto yakale yodzaza ana, woyendetsa mayi wa Chiaborijini wa msinkhu wa mlongo wanga wamng'ono. Sanafunse zambiri. Anatulutsa thabwa lochindikala pansi pa mpando, mnyamata wake wamkulu n'kuliika pansi pa jeke, ntchito n'kutheka. Ine anandiitana kuti amalume, monga amachitira anthu a mtundu wake polemekeza wamkulu, ndipo anandikhazika pamthunzi wa galimoto yake n'kundithirira tiyi wa m'fulasiki, wa shuga wambiri ngati wa kwathu.

Anati iwo ndi a mtundu wa Wongatha. Mayi ake anakulira pa mishoni ya Mount Margaret, imene inatsegulidwa mu 1921, ndipo sanapiteko mwa kufuna kwa makolo awo. Lamulo la Western Australia la 1905 linapatsa mkulu wa boma mphamvu pa ana a Chiaborijini kuposa mayi wowabereka. Ndinamufunsa za voti, poti mawa ndi chisankho cha aphungu a dziko lonse. Anaseka pang'ono n'kunena kuti iye anavota kale, a zisankho amayendera midzi ya kuno masiku angapo tsikulo lisanafike, ena pa galimoto, kumadera a kutali monga Warburton pa ndege. Kenako anati mayi ake anali kale ndi ana pamene analoledwa kuvota koyamba.

Ndinawerengera. Eni nthaka onse anapatsidwa ufulu wovotera aphungu a dziko lonse mu 1962. Kuchoka 1901 ndi zaka 61. Ndiye pa zaka 109 za dera la Kalgoorlie, zoposa theka zinatha anthu amene makolo awo akhala panthaka imeneyi zaka zikwi makumimakumi asakuwerengedwa. Ndi iwo ankadziwa pamene pali madzi pamene obwera ankafa ndi ludzu akufuna golide. Anthu 12 anakhalapo aphungu a dera lino, kuyambira Kirwan mpaka Barry Haase. Onse anali amuna, ndipo panalibe wa Chiaborijini. Woyamba wa mtundu wawo kulowa m'nyumba ya aphunguyo, Ken Wyatt, anasankhidwa mu 2010 m'dera lina la kufupi ndi Perth, pachisankho chomwecho chimene dzina la Kalgoorlie linasowa pa pepala la voti.

Dzulo ndimamvera chisoni Mahon kuti mawu a anthu ake anafafanizidwa ndi anthu akutali. Lero ndakhala pafumbi ndi munthu amene mayi ake analibe n'komwe mawu oti afafanizidwe, ndipo amene anawamana sanali akutali okha ayi, analinso oyandikana nawo.

Ndinafuna kumupatsa ndalama ya mafuta, anakana. Analandira mandasi awiri otsala, olimba kale, n'kugawira ana. Anatitsogolera mpaka pa tala, n'kutiuza kuti tisayende dzuwa likalowa chifukwa cha akangaru ndi ng'ombe. Ku Mount Margaret sitinafikeko. Ndi mudzi wa anthu, ndipo ndinaona kuti si bwino kungotulukira ngati tikukaona chionetsero. Ku Laverton tinangomatitsa tayala, madola 45, n'kutembenuka. Tagonanso ku Leonora.

Pamapu amene ali pakhoma la malo odyera pano ndayeza ndi chala. Masiku awiri pamsewu, ndipo tayenda kachigawo kosakwana chikhatho. Broome ili kutali kuposa pamene mkono wanga ukufika.

Loweruka, 3 Meyi, Kalgoorlie, tsiku la chisankho

Tanyamuka m'bandakucha utatha, tafika 11 koloko isanakwane. Mnyamata ndi nzika tsopano, ndiye ndamuperekeza kukavota pasukulu ina ya pulaimale. Kuno kuvota n'kokakamiza kuyambira 1924, wojomba popanda chifukwa amalipa madola 20.

Maso anga a ntchito yakale sanaphethire. Palibe msilikali kapena wapolisi pageti. Palibe inki yoviika chala. Palibe chiphaso. Amangomufunsa munthu dzina, kumene amakhala, ndiponso ngati wavota kale pachisankhochi. Mobisalira movotera ndi mwa makatoni, cholembera ndi pensulo. Pa pepala lobiriwira la phungu sachonga munthu mmodzi, amalemba manambala kuyambira amene akumufuna kwambiri mpaka wotsiriza. Panja makolo a ana a sukuluyo ankawotcha masoseji n'kumagulitsa ndi buledi, madola anayi, ndalama yake yothandizira sukulu. Ndinadya awiri.

Pamwamba pa pepalalo palembedwa O'Connor. Dera lakale litagawidwa mu 2010, kumpoto kunakhala Durack, kumene Haase anapita kukaima, ndipo mzinda uno ndi migodi yake zinaphatikizidwa ndi minda ya tirigu ndi madoko a kummwera monga Albany, m'dera lotchedwa dzina la injiniya wa paipi uja. Mkulu wa njanji anali pamzere pomwepo. Anati chimamuwawa mpaka lero, chifukwa mlimi wa nkhosa wa ku Albany ndi wokumba golide sadandaula zofanana, ndipo alimiwo ndiwo ochuluka. Anakumbukira Graeme Campbell, amene anakhala phungu kuyambira 1980 mpaka 1998, kuti ankayenda dera lonse ndipo anthu ankamudziwa nkhope. Ine za Campbell ndinawerenga zina. Anachotsedwa m'chipani cha Labor mu 1995, anapambana payekha mu 1996, n'kuyambitsa chipani chotsutsa kubwera kwa anthu a m'mayiko ena, ngakhale iye anabadwira ku England. Ndinamuuza mkuluyo kuti maganizo amenewo akanapambana, mnyamata amene amamuthandiza kukonza galimoto Lamlungu lililonse sakanakhala pamzerewu. Anakhala chete, kenako anagwedeza mutu n'kunena kuti zimenezo n'zoona.

Atatuluka ndinamufunsa mnyamata ngati dzanja silinanjenjemere. Anati, "Pang'ono, malume. Ndimaganiza za agogo." Ankanena bambo anga, amene anakumba golide ku Joni zaka zonse zija osafunsidwapo maganizo pa chilichonse.

Malo ovotera atseka 6 koloko. Chifukwa cha kusiyana kwa nthawi, kummawa anali atayamba kale kuwerenga maola awiri m'mbuyo, ndipo tisanamalize kudya wailesi yakanema inali italengeza kuti nduna yaikulu Anthony Albanese wapambananso. Mavoti a ku Leonora ndi Laverton anali asanamalize n'komwe kuwerengedwa. Mayi a kunyumba aimba kuchokera kumudzi kufunsa ngati ndidzakhale nditabwerera pofika pa 16 Sepitembala, tsiku la chisankho cha kwathu, ndipo andikumbutsa kuti malire a dera lathu anasintha, madera tsopano ndi 229, tidzavotera phungu wa dera latsopano. Ndawauza kuti chiphaso changa chili m'Baibulo, m'kabati ya kuchipinda, asachisunthe. Sitima yobwerera ku Perth ndikwera mawa masana, ndipo mnyamata wandidzazira kale botolo la madzi.